Nyimbo zakale za rock zikamveka mbali zonse za chipinda

Pa ntchito yanga yolumikiza ndi kukonza zokuzira mawu, yomwe imandiyendetsa pakati pa Ulongwe, Moatize ndi mzinda wa Tete, ndimakumana ndi anthu amene anagula masipika asanu kuti azioonerera mafilimu, kenako n'kumva kuti zimbale za rock za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 zinatulutsidwanso zolembedwa kuti 5.1 (masipika asanu ndi bokosi limodzi la besi), 24-bit kapena Dolby Atmos (njira ina yozunguliza womvera ndi mawu). Amandifunsa ngati manambala amenewa ndiwo amakometsa nyimbo. Yankho langa ndi lakuti chimene makutu amamva chatsopano chimachokera pa kusakanizanso kwa mawu ndi pa malo amene masipika aikidwa, ndipo manambala aja amathandiza pang'ono pokha.

Tiyambire ku situdiyo. Chimbale cha gulu la Pink Floyd chotchedwa The Dark Side of the Moon, chimene chinatuluka mu 1973, chinajambulidwa ku Abbey Road Studios mumzinda wa London pa tepi yotambalala yokhala ndi mizere 16, ndipo ng'oma, besi, gitala, kiyibodi ndi mawu a oimba zinkalowa m'mizere yosiyanasiyana. Pomaliza, mizere yonseyo inasakanizidwa n'kukhala iwiri yokha, wakumanzere ndi wakumanja, zimene timati sitiriyo, ndipo ndi iwiri imeneyi imene inapita pa mbale zakuda ndi pa makaseti amene ambiri a ife tinakulira nawo. Ndiwo zikapsa simungachotsemo mchere kapena tomato, mungangozitenthetsanso. Chimbale chikalembedwa kuti remaster, ndiye kuti mizere iwiri yomaliza ija yangoyeretsedwa ndi kukonzedwa kamvekedwe. Koma chikalembedwa kuti remix, katswiri wabwerera ku tepi yoyamba ija n'kuphikanso kuchokera pachiyambi, ndipo iyi ndiyo njira yoona yopezera nyimbo yomveka mbali zonse.

Ntchito imeneyi ndi yosamalitsa, chifukwa matepi ena a zaka zimenezo amayamwa chinyezi n'kuyamba kumata, moti asanawazungulitse amayamba awaumitsa mu uvuni wapadera pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 50. Zimbale zakale kwambiri zili ndi vuto lina. Gulu la The Beatles linajambula Revolver mu 1966 pa tepi ya mizere inayi yokha, zida zingapo zili mumzere umodzi, ndipo pamene Giles Martin ankachisakanizanso kuti chituluke mu 2022, anafunika kompyuta yophunzitsidwa kulekanitsa chida chilichonse.

Maganizo ozunguliza womvera ndi mawu si a lero. M'ma 1970 kunali njira ya masipika anayi yotchedwa quadraphonic, ndipo Alan Parsons, yemwe anajambula chimbale cha Pink Floyd chija, anachikonzanso kuti chimveke motero. Mawotchi ambirimbiri amene amalira pamodzi koyambirira kwa nyimbo ina ya m'chimbalemo anawajambula poyesa njira imeneyi. Njirayo inafa chifukwa makampani anatulutsa mitundu yosagwirizana, monga SQ, QS ndi CD-4, ndipo ogula anatopa nazo. Mu 2003 katswiri wina, James Guthrie, anasakanizanso chimbale cha Pink Floyd chija mu 5.1 pa mtundu wapadera wa CD wotchedwa SACD, ndipo womvera amamva wotchi iliyonse ikulira pa malo akeake, ina patsogolo, ina kumbuyo kwa phewa. Ife a ku Angonia sitifunika kuphunzitsidwa kukoma kwa zimenezi, pakuti amene anaimapo pabwalo la gule wamkulu amadziwa kuti ng'oma zimalira mbali ina, amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera mbali ina, ndipo thupi lonse limakhala mkati mwa nyimbo. Masipika awiri amaika zonsezo patsogolo panu ngati chithunzi chapakhoma.

Si kusakaniza konse kumene ndimakuyamikira. Katswiri wina amaponya gitala kumbuyo popanda chifukwa, kungofuna kuti wogula aone kuti sipika iliyonse ikugwira ntchito, ndipo gulu limene linkaimba ngati thupi limodzi limamveka lobalalika. Ndimalemekeza ntchito ya katswiri wosakaniza mawu Steven Wilson pa zimbale za magulu a King Crimson, Jethro Tull ndi Yes chifukwa amayamba watsanzira bwinobwino kusakaniza koyambirira, kenako n'kutambasula zida mofatsa, moti mumamva chitoliro kapena mawu othandizira amene kale ankabisika, koma nyimbo n'kukhalabe yomwe mumaidziwa.

Za manambala ndinene mwachidule. CD, imene inayamba kugulitsidwa mu 1982, imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi, ndipo imasunga mawu okwera mpaka 22 kHz (kHz ndi maulendo 1,000 pa sekondi), pamene khutu la wachinyamata limalekezera pa 20 kHz ndipo la wamkulu limalekezera pansi pa apo. Mbale za DVD-Audio ndi Blu-ray zimatha kuyeza mawu maulendo 96,000 pa sekondi, n'kusunga muyeso uliwonse mwatsatanetsatane kuposa CD (ndiyo 24-bit ija), zimene ndi zothandiza kwambiri kwa ife pogwira ntchito mu situdiyo. Koma kunyumba, makamaka mwezi wa Okutobala ku Tete pamene fani ikuzungulira usana ndi usiku, phokoso la m'chipinda limakwirira kusiyana kumeneko.

Chipinda ndicho chimafuna ndalama ndi nthawi yanu. Kawirikawiri ndimapeza masipika onse asanu ataunjikidwa pa shelefu imodzi pafupi ndi kanema, ndipo zikatero cholinga chonse chatayika. Sipika yapakati iyang'anizane ndi mpando wanu, awiri akutsogolo akhale madigiri 30 kumanzere ndi kumanja, ndipo awiri otsalawo akhale madigiri pafupifupi 110, kutanthauza m'mbali mwanu koma chakumbuyo pang'ono. Onse akhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, pa mtunda wofanana kuchokera pa mpando, ndipo chingwe wamba chimakwanira poyeza. Chachisanu ndi chimodzi, chimene chimaimiridwa ndi .1, ndi bokosi la besi, ndipo likakankhiridwa pakona limagunda mopitirira muyeso mpaka malata kunjenjemera. Nyumba zathu za pansi pa simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu kwambiri, choncho mphasa kapena kapeti pansi, makatani okhuthala pa mawindo ndi shelefu ya mabuku kumbuyo zimasintha kamvekedwe kuposa kugula ampulifaya yodula.

Amene alibe masipika akhoza kulawa Dolby Atmos pa mahedifoni kudzera pa intaneti, monga pa Apple Music imene inayamba kupereka nyimbo zotere mu 2021. Pamenepo kuzungulira kwa mawu kumangoyerekezeredwa m'makutu awiri, ndipo mafayilo ake amadya bandulo msanga, choncho ndi bwino kukopera chimbale chimodzi chimene mumachidziwa pamtima, kuchimvera choyamba mu sitiriyo, kenako m'njira yatsopanoyo, pa mlingo wofanana wa voliyumu.