Likasa siliulutsa ndege

Funso ili landitopetsa. Mwana wangoyamba kumene sukulu ya upayiloti, sabata isanathe wandilembera kale kuti akulu mulibeko ka PDF kachidule ka Met, phunziro la zanyengo lija? Kachidule ka chani? Bukulo ndi lonenepa chifukwa zochitika kumwambako nzambiri, sanalembe kuti akuzunzeni ayi.

Inde mayeso a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku Joni, amafuna 75%, ndipo ukaloweza question bank, mndandanda wa mafunso oyeserera, umakhoza, sindikukana. Koma pali mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa kuulutsa ndege, mpaka lero ndikamukumbukira mtima umagunda. Mayeso anakhoza bwinobwino, density altitude, mtunda umene ndege imamva ngati ilipo malinga ndi kupepuka kwa mpweya, ankaitchula ngati ndakatulo ya ku pulaimale. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, madigiri 32, tili pabwalo lina kufupi ndi Johannesburg lomwe lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 5,500, Cessna 172 mafuta full. Ndege yathamanga pa runway osafuna kudzuka, itadzuka ikukwera mwaulesi, iye mmalo modekha nkuyamba kukoka yoke, chiwongolero cha ndege, kukokabe, mpaka stall warning, chenjezo loti mapiko atsala pang'ono kusiya kugwira mpweya, kulira. Ndinachita kumulanda nkutsitsa mphuno ya ndege, mitengo ili apa.

Titatera ndamufunsa, wandiyankha tanthauzo lonse osaphonya liwu. Koma zoti mpweya ukatentha umapepuka, injini imabanika, mapiko sagwira bwino, mutu wake unali usanazilumikize ndi ndege yomwe wakhalamo. Masamu akenso ndi a pa chala: digiri iliyonse yopitirira ISA, kutentha kwa muyezo komwe mabuku amaika pamtunda uliwonse, wonjezerani mafiti 120. Pamtunda umenewo ISA ndi madigiri 4, ndiye 32 kuchotsa 4 ndi 28, kuchulukitsa 120, nkuphatikiza pa 5,500 aja, ndegeyo imamva ngati ili pa mafiti pafupifupi 8,900. Musati nza ku Joni zokha, bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti oposa 4,000, October wake mukumudziwa.

Ndiye awa akugulitsa likasa pa WhatsApp awa, ena mu cockpit sanakhalemo nkamodzi komwe, mafunso akalekale, mayankho ena olakwika, inu nkumalipira. Chidule chabwino mumalemba nokha ndi dzanja lanu mutawerenga buku lonse. Ndipo chomwe simunamve muuzeni instructor lero lomwe, osadikira tsiku la solo, louluka nokha koyamba, tsikulo mpando wakumanja wa instructor ukhala wopanda munthu.

Inu makolo amene mukulipira fizi, mwana wanu akabwera ku holide mumukhazike pakhonde akufotokozereni m'Chichewa chifukwa chake carburettor, yosakaniza mafuta ndi mpweya mu injini, imatha kugwira ayezi kunja kukutentha madigiri 25. Akayamba kusakasaka foni, muimbireni instructor wake.