Falkirk Wheel: gudumu lomwe limakweza boti ndi magetsi owiritsira maketulo 8

Amene mumakhala ku Glasgow kapena Edinburgh, ngakhale inu obwera kudzacheza ku Scotland, mukapeza tsiku muzifika ku Falkirk mukaone chimakina chomwe amati Falkirk Wheel. Ine ntchito yanga ndi ya uinjiniya, ndiye ndikufuna mukafika kumeneko musangojambula zithunzi za pa WhatsApp n'kumapita, pali zofunika kuzionetsetsa.

Vuto linalipo ndi ili. Pali ngalande ziwiri zoyendamo maboti, Forth and Clyde Canal yomwe inatsegulidwa mu 1790 ndi Union Canal ya mu 1822 yopita ku Edinburgh, koma Union ili pamtunda, kusiyana kwake ndi mamita 35. Madzi sakwera phiri, ndiye kale ankagwiritsa ntchito ma lock 11, tizipinda tamadzi totseka ndi zitseko, boti limalowa, amathiramo madzi, lakwera pang'ono, lilowenso kena, choncho choncho mpaka pafupifupi tsiku lonse latha. Mu 1933 anawachotsa ma lock aja ndipo pofika zaka za m'ma 1960 ngalande zonse ziwiri zinali zitatsekedwa. Atafuna kuzitsegulanso pa pulojekiti ya Millennium Link m'pamene anamanga gudumuli, Mfumukazi Elizabeth II n'kudzalitsegulira pa 24 May 2002.

Mukaima pansi muona manja awiri akuluakulu achitsulo, pakati pake pali mabafa awiri odzaza madzi, lina kumwamba lina pansi, iwo amawatcha ma gondola. Boti likalowa m'bafa la pansi amatseka zitseko, gudumu limayamba kuzungulira mwakachetechete moti ena omwe ali m'botimo amazindikira mochedwa kuti anyamuka, pakatha mphindi zinayi kapena zisanu bafa la pansi lija lili kumwamba mamita 24 ndipo la kumwamba latsika. Madzi ndi maboti a m'mabafa onse awiri amalemera matani 500 koma magetsi a ulendo umodziwo ndi 1.5 kWh basi, ofanana ndi kuwiritsa maketulo 8 a madzi a tiyi.

Anthu ambiri akamva zimenezi amati n'zonama, eti zingatheke bwanji. Chinsinsi chake n'chakuti makinawa sakunyamula katundu ayi, akungokankha zinthu ziwiri zolemera mofanana ndendende, china chikamatsika chimakoka chinzake kuti chikwere. Ndiye mufunsa kuti nanga uku kukalowa boti lalikulu lodzaza anthu koma uko kulibe boti olo limodzi? Apa m'pamene pamandisangalatsa kwambiri. Tengani beseni lodzaza madzi mpaka m'milomo, muikemo mbale yoyandama, madzi ena atayika, ndipo mukati muyeze madzi otayikawo mupeza kuti kulemera kwake n'chimodzimodzi ndi mbale ija. Archimedes, katswiri wa masamu wachigiriki, anazitulukira kalekale zimenezi. Boti la matani 20 likamalowa m'bafa limakankhira kunja madzi a matani 20, ndiye bafa lokhala ndi boti ndi bafa lopanda boti sikelo yake ndi imodzi, bola madzi akhale pa levulo yofanana mbali zonse, n'chifukwa chake kompyuta imakhala ikuyang'anira levuloyo nthawi zonse isanalole kuti gudumu lizungulire. Mamota 10 a hydraulic, oyendera mphamvu ya mafuta opanikizidwa, omwe ali pa ekiselo ntchito yawo kwenikweni n'kuliyambitsa, kulimbana ndi kukhulana kwa zitsulo, ndi kuliimitsa pamalo pake.

Chachiwiri choti muone, ndipo ambiri amachidutsa, ndi magiya omwe ali kumbali ya kumtunda. Gudumu likamazungulira bafa liyenera kukhala chilili osapendekeka ngakhale pang'ono, apo ayi madzi onse akhuthukira mbali imodzi ndi boti lomwe. Bafa lililonse limakhala pa timatayala toyenda pa njanji yozungulira mkati mwa dzanja lija, koma kudalira kulemera kwake kokha n'koopsa chifukwa tayala limodzi litangogwira ndiye kuti zavuta. Ndiye anaika giya lalikulu pakati lomwe silizungulira, pambali pake magiya awiri ang'onoang'ono, kenako magiya ena akuluakulu omangiriridwa ku mabafa, zotsatira zake bafa limatembenuka mobwerera pa liwiro lofanana ndi la gudumu, likhale lowongoka ulendo wonse. Palibe kompyuta apa, ndi mano a chitsulo okhaokha. Tony Kettle, katswiri yemwe anatsogolera zojambula mapulani, anayesera magiyawa ndi Lego ya mwana wake.

Yandikiraninso muone mabawuti. Chitsulo cha gudumuli ndi matani pafupifupi 1,200, anachikonza a Butterley Engineering ku Derbyshire n'kubwera nacho pa malole 35, koma pochilumikiza sanadalire kuwotcherera, anamanga ndi mabawuti pafupifupi 15,000 ndipo lililonse anamanga ndi manja. Chifukwa chake n'chomveka, gudumu likatembenuka chitsulo chomwe chimakokedwa chimayamba kupanikizidwa, likatembenukanso chikokedwenso, tsiku ndi tsiku, ndipo malo owotcherera sachedwa kuchita ming'alu akamavutitsidwa chonchi pomwe bawuti imapirira.

Boti la alendo lilipo, ulendo wake ndi wa pafupifupi ola limodzi, ndipo ndikulimbikitsani kukwera chifukwa mukafika pamwamba mumayenda pa mlatho wonyamula madzi kenako kulowa mu Roughcastle Tunnel, njira ya pansi pa nthaka ya mamita 180, yomwe imadutsa pansi pa njanji ya sitima komanso pansi pa Antonine Wall, linga lomwe Aroma anayamba kumanga cha m'ma 142 AD. Kutsogoloko kuli ma lock awiri omwe amamalizitsa mamita 11 otsala pa 35 aja kuti boti lifike mu Union Canal. Komabe ine ndinganene kuti muyambe kaye kuonera muli pansi, ulendo umodzi wathunthu, maso pa magiya aja, chifukwa mukakhala m'boti simuwaona bwino. Tengani jekete, pamalopa pamaomba mphepo ngakhale mu July, ndipo nthawi yozizira muyambe mwaona pa intaneti ya Scottish Canals, bungwe loyang'anira ngalandezi, chifukwa amatha kuliimitsa kuti alikonze.