Kodi zipangizo zoyezera HIV zimanama?

Pali nkhani imene ikuyenda pamizere ya kuchipatala komanso pa WhatsApp yoti zipangizo zoyezera HIV n'zabodza. Umboni wake akuti ndi uwu: munthu amuyeza lero n'kumuuza kuti alibe kachilombo, patapita miyezi iwiri amuyezanso n'kumupeza nako. Ena amafika ponena kuti singano ya kuchipatala ndi imene yam'patsa.

Si zoona. Kasingano kobayira chala kamagwira ntchito kamodzi kokha, kenako amakataya m'kabokosi inu mukuona.

Chimene chimachitika n'chakuti kachipangizo kodonthezerapo magazi kaja, kamene kamaonetsa mizere pakatha mphindi ngati 15, sikaona kachilombo kenikeniko. Kamafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwa amatenga masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi 3, kuti achuluke mokwanira. Choncho amene watenga kachilombo sabata yatha angauzidwe kuti alibe, chonsecho kali m'magazi. Choopsa n'chakuti nthawi imeneyi ndi pamene kamaswana kwambiri, moti kupatsira mnzako n'kosavuta. Ena amatentha thupi, kumva zilonda zapakhosi kapena kutuluka totupa pakhungu, n'kumangoti ndi malungo.

N'chifukwa chake mlangizi amafunsa kuti munagonana liti mosadziteteza. Sikuti akufuna miseche ayi, akuwerengera tsiku loti mudzabwerenso kudzayezetsa. Muuzeni zoona. Ngati sipanathe maola 72 kuchokera pamene munagonana mosadziteteza, pemphani PEP, mankhwala akumwa masiku 28 othandiza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi.