Copenhagen wa mafumu muuyende wapansi

Alendo ambiri akafika ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, amathamangira ku Nyhavn kukajambulitsa pa nyumba zamitundumitundu za m'mbali mwa ngalande zija, kenako n'kukwera boti. Palibe cholakwika pamenepo. Koma pa ntchito yanga yoperekeza alendo ndi kuwafotokozera mbiri ya nyumba zakale, ndimawauza kuti boti liyambe ladikira. Dera la mafumu n'laling'ono, makilomita anayi kapena asanu basi, ndipo mulibe chitunda chotopetsa. Chachikulu n'chakuti muyende motsata zaka. Mukatero mudzaona nokha mmene mphamvu za mfumu zinakulira, mmene moto unkaisamutsira, ndi kumene ndalama zomangira zonsezi zinkachokera.

Yambirani pa kachilumba ka Slotsholmen, ndipo musanayang'ane kumwamba, tsikirani kunsi kwa nyumba ya Christiansborg. Kumeneko kuli mabwinja a linga limene Bishopu Absalon anamanga mu 1167, malowa akadali mudzi wa asodzi ndi amalonda. Mizinda yamalonda ya ku Germany ya m'mgwirizano wa Hansa inagwetsa lingali mu 1369, ndipo pamwamba pake panamangidwa nyumba ina ya mafumu. Pakati pa miyala yakudayo mudzapeza maziko a Blåtårn, nsanja imene inali ndende. Mmenemo munakhala Leonora Christina, mwana wa Mfumu Christian IV, kuyambira 1663 mpaka 1685, pomuganizira kuti ankadziwa za chiwembu cha mwamuna wake choukira ufumu. Anamutsekera anali mlongo wake yemwe wa mayi wina, Frederik III, mfumu imene mu 1660 inatenga mphamvu zonse za dziko n'kuziika m'manja mwake.

Nyumba imene ili pamwamba pa mabwinjawa lero ndi Christiansborg yachitatu. Yoyamba inapsa mu 1794, yachiwiri inapsa mu 1884, ndipo iyi inamalizidwa mu 1928. Chodabwitsa chake n'chakuti pansi pa denga limodzi pali Nyumba ya Malamulo yotchedwa Folketing, ofesi ya nduna yaikulu, khoti lalikulu kwambiri la dziko, ndiponso zipinda zimene mfumu imalandiriramo alendo. Mfumu siigonamo. Kuchokera pa 5 June 1849, pamene Frederik VII anasainira malamulo oyendetsera dziko, olamulira ndi anthu osankhidwa, ndipo mfumu imabwera kuno pa ntchito ndi pa miyambo.

Mukatuluka, imani pabwalo muyang'ane khonde la pamwamba pa chipata. Pa 14 January 2024, Mfumukazi Margrethe II itatula pansi udindo patatha zaka 52, nduna yaikulu Mette Frederiksen inaima pakhondepo n'kulengeza kwa khamu la anthu kuti mfumu tsopano ndi Frederik X. Kulonga ufumu kunathera pomwepo. Sipanakhale chisoti, sipanakhale kudzoza mafuta. Ife amene tinazolowera kuti polonga mfumu pamakhala ng'oma, nduwira ndi malangizo a akuluakulu tsiku lonse, zimenezi zimatidabwitsa, koma n'zadala: wolengeza mfumu ndi mtsogoleri wa boma losankhidwa ndi anthu. Mfumu yomaliza kudzozedwa inali Christian VIII mu 1840.

Pafupi pomwepo pali Børsen, nyumba ya amalonda imene Christian IV anayamba kumanga mu 1619. Inkadziwika ndi nsonga yake yosemedwa ngati michira ya zinjoka zinayi yopotana. Pa 16 April 2024 inagwira moto akuikonza, nsonga ija n'kugwa anthu akuona. Moto si nkhani yakale yokha mumzindawu. Unanyeketsa zigawo zazikulu mu 1728 ndi mu 1795, ndipo mu 1807 zombo za nkhondo za Britain zinaphulitsa mzindawo ndi mizinga. N'chifukwa chake nyumba za zaka za m'ma 1400 ndi 1500 n'zosowa pakati pa Copenhagen, ngakhale mzindawo ndi wakale kwambiri.

Kuchokera pano mukuyenda m'mapazi a Christian IV, amene analamula kuyambira 1588 mpaka 1648 ndipo ankakonda kumanga kuposa mfumu ina iliyonse ya dzikolo. Muziyang'ana chizindikiro chake pa makoma, chilembo C chokhala ndi 4 m'kati. Mudutse mumsewu wa Købmagergade mpaka pa Rundetårn, nsanja yozungulira imene inamalizidwa mu 1642 kuti akatswiri aziunikirapo nyenyezi. Mulibe masitepe mpaka pafupi ndi pamwamba. Muli njira yanjerwa yokwera mozungulira kasanu ndi kawiri ndi theka, yotalika kupitirira mamita 200, kuti ngolo zizitha kukweza mabuku ndi zipangizo zolemera. Mu 1716 mfumu ya ku Russia, Peter Wamkulu, inakwera njirayi ili pa hatchi.

Kwa ine malo oyenera kuwapatsa nthawi yambiri ndi Rosenborg, nyumba ya njerwa zofiira imene Christian IV anaiyamba mu 1606 ngati yopumuliramo m'munda wake, kunja kwa linga la mzinda. Ndi yaing'ono, zipinda zake n'zamdima, ndipo munthuyo mumamumva pafupi. Muli zovala zimene anavala pa nkhondo ya panyanja ya Kolberger Heide mu 1644, pomenyana ndi Sweden, pamene chipolopolo cha mzinga chinaphulika m'chombo chake n'kumuwononga diso lamanja. Madontho a magazi akuonekabe pa nsaluyo. Tizidutswa ta chitsulo timene anamuchotsa pankhope anatipangitsa ndolo n'kupatsa Vibeke Kruse, mkazi amene ankakhala naye, ndipo ndolozo zili pomwepo. Mfumuyi inamwalirira m'nyumba yomweyi mu 1648, nkhondo zake zitasiya dziko pa umphawi, chisoti chake chili pa chikole ku Hamburg, moti mwana wake anachita kukachiwombola kuti avekedwe.

Chisoticho, cha mu 1596, chili m'chipinda chapansi pamodzi ndi zina. Chisoti cha Christian V masiku ano chimagwira ntchito imodzi yokha: chimaikidwa pa bokosi la maliro mfumu ikamwalira. M'chipinda chachikulu cha pamwamba muli mpando wachifumu wopangidwa ndi nyanga za narwhal, nyama ya m'nyanja zozizira za kumpoto, ndipo mikango itatu yasiliva imaulondera.

Apa konzani nthawi bwino. Cha m'ma 11:30 m'mawa asilikali olondera mfumu, ovala zisoti zazitali za chikopa cha chimbalangondo, amanyamuka pa kampu yawo pafupi ndi Rosenborg n'kuguba kudutsa mumzinda kukasinthana ndi anzawo ku Amalienborg 12 koloko. Atsatireni, ndiwo adzakuonetsani njira. M'kati mwa Rosenborg mungathe kudzalowamo masana. Koma chonde samalani ndi njira za njinga. Zimakhala pakati pa msewu wa magalimoto ndi poyenda anthu, ndipo mlendo akamayang'ana nsanja amapondamo osadziwa. Dziwaninso kuti m'nyengo yozizira nyumba zambiri zoonetsa zakale sizitsegula Lolemba.

Amalienborg ndi nyumba zinayi zofanana zozungulira bwalo la mbali zisanu ndi zitatu. Katswiri wa mapulani Nicolai Eigtved anazijambula m'zaka za m'ma 1750 kuti zikhale za mabanja anayi olemekezeka. Banja lachifumu linazigula Christiansborg itapsa mu 1794, likuganiza zongokhalamo kwa kanthawi, koma mpaka lero likadali pomwepo. Mbendera yachifumu ikakhala pamwamba, ndiye kuti eni nyumba alipo. Bwaloli lilibe mpanda, aliyense amangodutsa. Mukaima pakati, mbali ina mukuona doko, mbali ina mukuona denga lalikulu lobulungira la Marmorkirken, tchalitchi chimene Frederik V anaikira mwala wa maziko mu 1749. Ndalama zinatha, ntchito inaima mu 1770, ndipo chinakhala bwinja kwa zaka zoposa 100 mpaka wabizinesi C.F. Tietgen atachimaliza mu 1894.

Pakati pa bwalo pali chiboliboli cha Frederik V ali pa hatchi, chimene anaumba Mfalansa Jacques Saly ndipo chinatsegulidwa mu 1771. Inalipira ndi kampani yochita malonda ku Asia. Apa ndi pamene ndimafuna alendo anga afunse za ndalama, chifukwa dera lonse lokongolali linamangidwa m'zaka zimene amalonda a Copenhagen ankalemera ndi zombo, ndipo gawo la chumacho linachokera ku ukapolo. Denmark inali ndi malinga m'mbali mwa nyanja ya Ghana ya lero. Lalikulu lake, ku Osu mu Accra, linkatchedwa Christiansborg lomwe. Kuchokera kumeneko anthu pafupifupi 100,000 anatengedwa pa zombo za dzikoli kupita ku America, ambiri kukalima nzimbe pa zilumba za St. Thomas, St. John ndi St. Croix. Lamulo loletsa malonda a akapolo linaikidwa mu 1792 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1803, koma ukapolo weniweni pa zilumbazo unatha mu 1848.

Choncho musabwerere pa Amalienborg. Mumsewu wa Amaliegade muli Det Gule Palæ, nyumba yachikasu imene anamangitsa Frederik Bargum, wogulitsa akapolo, ndipo pambuyo pake munakhala Christian IX asanalowe ufumu. Pitirizani pang'ono m'mbali mwa doko mpaka pa Vestindisk Pakhus, nkhokwe ya njerwa ya cha m'ma 1780 mmene ankasungira shuga ndi katundu wina wochokera ku zilumba zija. Mu 2018 patsogolo pake panaikidwa chiboliboli cha Mary Thomas, mayi wachikuda amene anali mmodzi mwa atsogoleri a kuukira kwa antchito a m'minda ya nzimbe ku St. Croix mu 1878 ndipo anakagwira ukaidi ku Copenhagen. Mphepo yamkuntho inachiwononga mu December 2020 ndipo chinachotsedwa. Zilumba zitatu zija Denmark inazigulitsa ku United States mu 1917, pa mtengo wa madola 25 miliyoni.