Kukadzipereka poteteza makorali kunyanja yamchere: mafunso ndi mayankho kwa a ku Chipata

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pakumayenda zolengeza zoitana achinyamata kuti akakhale mavolontiya oteteza zamoyo za m'nyanja yamchere ku Zanzibar, ku Kenya kapena ku Mozambique. Ntchitoyo ilipodi, ndipo wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi angathe kuigwira. Koma imafuna munthu wodziwa madzi, wokhala ndi mapepala oyenera, ndipo kawirikawiri ndalama zimachoka m'thumba mwake. Musanagulitse soya kuti mupeze ya ulendo, werengani izi.

Kodi korali ndi mwala kapena chomera?

Ndi nyama. Tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri timakhala pamodzi, kalikonse n'kudzimangira kachigoba kolimba, ndipo zigobazo zikaunjikana kwa zaka mazanamazana zimasanduka matanthwe a pansi pa nyanja. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndiponso ndi zimene zimapatsa korali mtundu wake. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera mwezi wotentha kwambiri, n'kukhala choncho masabata angapo, korali amatulutsa ndere zija n'kuyera mbee. Apo amakhala asanafe. Madzi akazizira msanga amachira, koma kutentha kukapitirira amafa ndi njala.

Mu 1998 izi zinasakaza nyanja ya Indian Ocean, moti m'madera ena a Seychelles makorali pafupifupi 90 pa 100 alionse anafa. Mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America, loona za nyanja ndi nyengo, linalengeza kuti kuyera kotereku kwakuta dziko lonse kachinayi. Matanthwe a makorali sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 la pansi pa nyanja, koma pafupifupi kotala la mitundu ya zamoyo za m'nyanja imadalira iwo. Korali wanthambi wotchedwa Acropora amakula masentimita pafupifupi 10 pa chaka, pamene wobulungira wotchedwa Porites amakula sentimita imodzi yokha. Ndiye taganizani zimene bomba limodzi la msodzi limawononga m'kanthawi kochepa.

Malo apafupi ndi ati, ndipo timadzera kuti?

Ku Tanzania kuli Zanzibar ndi chilumba cha Mafia. Mungatulukire pa Mwami, kudutsa Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenako Mbeya mpaka Dar es Salaam. Njira ina ndi sitima ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi, ulendo wa makilomita 1,860, koma muziika masiku apadera chifukwa imachedwa. Kuchoka pa Dar es Salaam kupita ku Zanzibar ndi maola pafupifupi awiri pa boti. Ku Kenya kuli Watamu ndi Shimoni, komwe kumagwira ntchito mabungwe ngati A Rocha Kenya ndi REEFolution.

Ku Mozambique mumadzera pa Katete, Chanida ndi Tete, n'kutsikira kumwera ku Vilankulo, pafupi ndi zilumba za Bazaruto, kapena ku Tofo pafupi ndi Inhambane. Pakati pa dzikolo, cha ku Beira, makorali ndi osowa chifukwa Zambezi ndi mitsinje ina imatsanulira matope m'nyanja, ndipo korali safuna madzi amatope. Zilumba za Quirimbas zili ndi matanthwe okongola zedi, koma zili m'chigawo cha Cabo Delgado komwe kwakhala nkhondo kuyambira 2017. Ife sitingalangize munthu kupita kumeneko panopa.

Kodi amalipira?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. M'mapulogalamu ochuluka volontiya ndiye amalipira, nthawi zambiri madola mazana angapo pa sabata, zolipirira pogona, chakudya, mafuta a boti, mpweya wa m'silinda wopumira pansi pa madzi ndi malipiro a ophunzitsa. Mitengoyo anaiika poganizira alendo a ku Ulaya. Choncho lembani kalata ku bungwelo, nenani kuti ndinu wa ku Zambia, ndipo funsani ngati ali ndi mtengo wa anthu a mu Africa kapena malo a intern (wophunzira ntchito) wokhala miyezi ingapo. Amene anaphunzira biology, za usodzi kapena zachilengedwe aziyang'ana zolengeza za mabungwe a kafukufuku wa za m'nyanja monga WIOMSA, yomwe likulu lake lili ku Zanzibar, ndi CORDIO ya ku Mombasa, ndi za UN Volunteers, komwe wosankhidwa amalandira ndalama yodzisamalira.

Ndinakulira kumtunda, madzi ndimangodziwa a padamu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kusambira. Satifiketi yoyamba yolowera pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya (scuba), monga PADI Open Water, imafuna kuti musambire mamita 200 osapuma, kenako muyandame mphindi 10 osagwira kanthu. Maphunzirowo amatenga masiku atatu kapena anayi: kuwerenga, kuyeserera pamadzi osaya, ndi kulowa kanayi m'madzi akuya. Mukakhoza mumaloledwa kufika mamita 18. Satifiketi yachiwiri, ya Advanced, imakufikitsani mamita 30, ndipo mabungwe ambiri ochita kafukufuku amaifuna.

Mwayi wathu ndi nyanja ya Malawi. Lilongwe ili pamtunda wosakwana makilomita 150 kuchokera ku Chipata, ndipo ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear amaphunzitsa scuba m'madzi abata, odzaza ndi mbuna. Satifiketi ya kumeneko imagwira ntchito kulikonse. Kumbukirani zinthu zitatu. Madzi amchere amayandamitsa thupi kwambiri, choncho mukakafika kunyanja yamchere mudzawonjezera zitsulo za palamba, mwina makilogalamu awiri. M'madera ena a nyanja ya Malawi muli likodzo, ndiye mukabwerako kayezetseni. Chachitatu, mukatuluka m'madzi pa Nkhata Bay musakwere minibasi yopita ku Mzuzu tsiku lomwelo, chifukwa Mzuzu ili pamwamba kwambiri ndipo mpweya wa nitrogen umene uli m'magazi ungachite thovu pokwera mtunda.

Wosafuna scuba ntchito ilipo: kulondera zisa za akamba a m'nyanja usiku, kubzala mitengo ya mangrove yomera m'madzi amchere m'mbali mwa nyanja, kuyeza nsomba za asodzi padoko, kapena kulowetsa manambala mu kompyuta.

Ndi matenda ati amene amaletsa munthu?

Khunyu, mphumu yovuta, matenda a mtima, sickle cell, ndi mimba. Amene anadwalapo TB afunika kujambulidwa chifuwa, chifukwa chipsera cha m'mapapo chingatsekere mpweya pokwera kuchokera pansi, papo n'kung'ambika. Mudzapatsidwa fomu ya zaumoyo. Musabise kanthu. Pitani nayo kwa dokotala, monga ku Chipata Central Hospital, musanalipire chilichonse. Ngati akukupatsani mankhwala oteteza malungo, nenani kuti muzikalowa pansi pa madzi, chifukwa mefloquine amachititsa ena chizungulire ndipo zimenezi zimasokonezeka ndi zizindikiro za ngozi ya m'madzi.

Nanga ntchito yeniyeniyo imakhala yotani?

Mbali yaikulu ndi kuwerenga. Sabata yoyamba, mwinanso yachiwiri, imathera pa kuloweza mitundu ya nsomba ndi makorali, ndipo amakuyesani mayeso. Mukalephera, manambala anu sawagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake ulendo wa masabata awiri umapindulira inuyo kuposa nyanja. Amene akufuna kuthandizadi aike mwezi ndi theka kapena kuposerapo.

Njira yodziwika ya Reef Check imayenda chonchi. Mumayala tepi ya mamita 100 pansi, yogawidwa m'zigawo zinayi za mamita 20, ndipo pakati pa zigawozo mumasiya mamita 5. Mukayala mumadikira mphindi 15 kuti nsomba zimene zathawa zibwerere. Awiri oyamba amasambira pang'onopang'ono akuwerenga nsomba zosankhidwa m'kanjira ka mamita 5 m'lifupi. Otsatira amawerenga zokwawa pansi ndi kuona zowonongeka, monga maukonde otayidwa ndi mabala a nangula. Womaliza amalemba chimene chili pansi pa tepi pa theka lililonse la mita, kaya korali wamoyo, wakufa, mchenga kapena ndere, malo 160 onse pamodzi. Zonsezi mumalemba ndi pensulo pa kabolodi ka pulasitiki. Cholakwika chofala kwa atsopano ndi kusambira mofulumira, kuwerenga nsomba imodzi kawiri, ndi kusankha ndi diso pamalo pokongola m'malo molemba chimene chili pansi penipeni pa nambala.

Mbali ina ndi nazale ya makorali. Amene anasamalirapo nazale ya fodya aimvetsa msanga, chifukwa nayonso imalira kupalira ndi kuchotsa tizilombo mosadumphitsa. Mumatola tizidutswa tamoyo ta korali timene tathyoka kale, ta masentimita 5 mpaka 10, n'kutimangirira pazingwe kapena pamafelemu oimikidwa m'madzi osazama kwambiri. Sabata iliyonse mumatsuka zingwezo ndi mswachi kuti ndere zisaphimbe korali, ndipo mumachotsa nkhono za Drupella zimene zimamudya. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka mumakawokera pathanthwe. Pamalo powokerapo pakwecheni kaye ndi bulashi ya waya, apo ayi simenti kapena epoxy (guluu wolimba) sigwira. Kachidutswa kakamagwedezeka, ngakhale pang'ono, sikamera pamwalapo: mafunde amakakhuza mpaka kufa. Mitundu yosiyana musaiyandikizitse chifukwa makorali amalumana. Ndipo musatenge tizidutswa tonse pa kholo limodzi, chifukwa matenda kapena kutentha kukabwera tonse timafera limodzi.

Komwe crown-of-thorns, chamoyo chaminga chooneka ngati nyenyezi, chachuluka n'kumadya makorali, amachibaya jakisoni wa viniga. Musachigwire ndi manja, mingayo ili ndi poizoni.

Pa zonsezi luso lofunika kwambiri ndi kukhazikika m'madzi, osatsika osakwera, mapazi ali m'mwamba pang'ono. Volontiya wopalasa miyendo mwachisawawa amathyola zambiri kuposa zimene wabzala.

Malamulo a chitetezo osasemphana nawo ndi ati?

Osagwira mpweya m'chifuwa, makamaka pokwera. Pa mamita 10 madzi amapanikiza thupi kawiri kuposa pamtunda, ndiye mpweya umene mwapumira pansipo umafufuma kawiri mukafika pamwamba. Kwerani pang'onopang'ono, osapitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo imani mphindi zitatu pa mamita 5. Silinda imadzazidwa kufika 200 bar (muyeso wa kuthinana kwa mpweya), ndipo muzifika pamwamba mutatsala ndi 50. Osalowa nokha. Osalowa muli ndi chimfine, makutu amakana kutseguka. Ngati mwalowa kangapo, dikirani maola osachepera 18 musanakwere ndege. Mukabayidwa ndi stonefish, nsomba yaminga yapoizoni yooneka ngati mwala, viikani mwendo m'madzi otentha amene mungapirire, osafika powaula, n'kuthamangira kuchipatala. Bala la korali litsukeni ndi sopo mokwecha, limatukusira msanga.

Gulani inshuwalansi yotchula scuba mwachindunji, ngati ya DAN, bungwe loona za chitetezo cha olowa pansi pa madzi. Inshuwalansi wamba ya paulendo nthawi zambiri silipira chipinda chochizira ngozi za nitrogen.

Popeza a ku Zambia timalowa m'mayiko ambiri oyandikana nafe opanda viza, ndingopita?

Chidindo cha pamalire ndi cha mlendo wodzacheza. Kugwira ntchito, ngakhale yosalipidwa, ndi nkhani ina. Ku Tanzania, mwachitsanzo, mavolontiya okhalitsa ali m'gulu la chilolezo cha Class C. Bungwe lenileni limakuuzani chilolezo chofunika, limalemba kalata yokuitanani, ndipo limathandiza kuchitenga. Likakuuzani kuti mukanene pamalire kuti mwabwera kudzacheza, dziwani kuti tsiku la vuto wogwidwa adzakhala inuyo. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Zanzibar, kuyambira Okutobala 2024, imafunanso alendo agule inshuwalansi yake, yomwe poyamba inali madola 44. Funsani mtengo wa lero musananyamuke.

Ndingadziwe bwanji kuti sakundinamiza?

Funsani nambala yolembetsera bungwelo kuboma la dzikolo, ndi chilolezo chogwira ntchito m'dera la nyanjalo. Funsani komwe manambala awo amapita, ndipo pemphani lipoti la chaka chatha. Funsani kuti ndi makorali angati mwa amene anawokera amene anali moyo patatha chaka. Amene amangotchula chiwerengero chobzala, osatchula chopulumuka, akugulitsa zithunzi. Funsaninso ngati m'boti mumakhala silinda ya oxygen, ndiponso ngati asodzi a m'mudzimo ali nawo m'ntchitoyo, chifukwa nazale imene eni dera sakuifuna imathera m'maukonde.

Kuli chinyengo china choopsa kuposa kuba ndalama. Munthu akalonjeza malipiro ambiri, ulendo waulere ndi pasipoti yachangu popanda kufunsa ngati mumatha kusambira, imeneyo ingakhale njira yozembetsera anthu, mlandu pansi pa lamulo la Zambia la Anti-Human Trafficking Act la 2008. Musatumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu, musapereke pasipoti kuti wina akusungireni, ndipo abale anu akhale ndi adiresi ya komwe muli.

Nyengo yabwino ndi iti?

Ku Tanzania ndi ku Kenya mvula yaikulu imagwa Malichi mpaka Meyi, ndipo mphepo ya kusi, yochokera chakumwera, imawinditsa nyanja cha m'ma Juni ndi Julayi, moti masiku ena boti silituluka. Okutobala mpaka Febuluwale madzi amayera bwino. Kutentha koyeretsa makorali kumafika pachimake cha m'ma Malichi ndi Epulo. Ku Mozambique pewani Januwale mpaka Malichi, nyengo ya anamondwe: Idai anagunda mu Malichi 2019, Freddy mu Febuluwale ndi Malichi 2023.

Ndingabweretse kachidutswa ka korali kapena chigoba cha kamba kudzaonetsa kumudzi?

Ayi, ngakhale mutatola chakufa pamchenga kapena kugula pamsika. Makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa pakati pa mayiko, ndipo sawoloka malire opanda chilolezo, pamene akamba onse a m'nyanja ali pa mndandanda woyamba, woletseratu malonda. Zambia, Malawi, Tanzania ndi Mozambique onse ali m'panganoli. Chimene muyenera kubwera nacho ndi logbook (buku la maulendo anu) yosainidwa ndi wokuyang'anirani, yosonyeza tsiku, malo, kuzama ndi ntchito ya ulendo uliwonse wa pansi pa madzi, pamodzi ndi kalata ya bungwe yotchula njira za kafukufuku zimene munakhoza. Mapepala awiriwa ndi amene amafunsidwa mukadzapempha malo a intern kapena maphunziro a za usodzi.