Inktober: mayankho pa zimene mukutifunsa daily

Chilengezereni kuti gulu lathu la ojambula lichita nawo Inktober, ma meseji sakutha ndipo ena mwayamba kunena kuti ma admin tikukondera. Tiyankhe pano kamodzi.

Kodi Inktober ndi chani?

Chithunzi chimodzi cha inki tsiku lililonse, masiku onse 31 a Okutobala, muli kunyumba kwanu. Anayambitsa ndi Jake Parker wa ku America mu 2009 pofuna kuti dzanja lake lizolowere inki.

Pensulo ndiyololedwa?

Eya, poyambira, kenako mudutsemo inki. Bolopeni nayo ndi inki.

Ndadumphitsa masiku, ndiye kuti ndatuluka?

Ayi ndithu. Eni ake amalola kujambula lero mawa n'kupuma, olo kamodzi pa sabata. Chomwe sitikondwa nacho ndi kutulutsa zithunzi zakalekale n'kumati nzalero, pamenepo mukudzinamiza nokha chifukwa cholinga nchoti dzanja ligwire ntchito.

Nanga mawu a tsiku aja ndi okakamiza?

Mndandanda wa mawu 31 omwe eni Inktober amatulutsa, liwu limodzi pa tsiku lokupatsa ganizo la chojambula, unayamba kutuluka mu 2016, umangothandiza mutu ukauma. Mukafuna kujambula mphaka wanu mwezi wonse palibe akuletseni.

Bwanji munalandila za pa tabuleti pomwe ife tikuvutika ndi inki yeniyeni?

Apa mpomwe pali madandaulo ambiri ndipo tikuvomela kuti ngakhale ma admin sitigwirizana tonse. Inki ikalakwika siifufutika, umangoona mzere wokhota uja n'kuganiza momwe uusandutsire mthunzi, pomwe pa tabuleti umangodina undo. Phunziro lake ndi losiyana, zimenezo nzoona. Koma Inktober yeniyeniyo sikaniza za digito, ndiye ife sitingakhwimitse lamulo kuposa eni ake. Ingolembani kuti mwajambulira chani.

Pali ndalama kapena mphoto? Ndingagulitse zomwe ndajambula?

Mphoto palibe, si mpikisano, komanso kulowa nkwaulere, wina akakuuzani kuti mulipile kaye ameneyo si ife. Zogulitsazo tiyankhe mosamala. Chithunzi ndi chanu, munachijambula ndinu, mutha kugulitsa. Vuto lili pa dzina, chifukwa mawu oti Inktober analembetsedwa ngati trademark, kutanthauza dzina lamalonda lotetezedwa ndi lamulo, ndipo kumapeto kwa 2019 kunali phokoso pa intaneti ojambula ena atadandaula kuti mabuku awo aletsedwa kaamba ka dzinalo, mpaka Parker anachita kufotokoza yekha. M'mene ife timamvera, logo yawo musaikhudze popanda chilolezo, ndipo dzinalo lisakhale mutu waukulu wa buku lanu kapena malonda anu. Koma ife si maloya aise, musadzati admin ndi amene anandiloleza, werengani kaye malamulo pa webusaiti yawo musanapite kosindikiza.

Kodi ma admin amapezapo kenakake?

Ayi. Timajambula usiku tikaweluka ngati inu nomwe, ndipo inki timagula tokha.