Njere za Mitengo Sizifuna Chisamaliro Chofanana Musanafese

Anthu ambiri akafesa njere za msangu kapena mthethe m'machubu n'kudikira milungu ingapo osaona kanthu, amathamangira kunena kuti njerezo zinali zakufa. Nthawi zambiri zimakhala zili moyo ndithu, koma khungu lake ndi lolimba kwambiri moti madzi salowa. Kutchire khunguli limafewa njere ikadutsa m'mimba mwa ng'ombe kapena mbuzi, kapena ikakhala nthawi yaitali padzuwa ndi pamvula. Pa nazale ntchito imeneyi timaigwira ndife.

Njira imene ndimaidalira kwambiri ndi kudula khungulo pang'ono ndi chowengera zikhadabo. Yang'anani njereyo bwino: ili ndi kadiso pamene inalumikizana ndi khoko lake, ndipo muzu umatulukira chapomwepo. Dulani mbali inayo, kutali ndi kadisoko, mpaka kuyera kwa m'kati kungoonekera pang'ono. Mukapyola apo mwaivulaza. Kenako viikani m'madzi ozizira usiku umodzi. M'mawa njere zimene zamwa madzi zimakhala zitatupa, ndipo muzifese tsiku lomwelo, zisaumenso.

Njere zikachuluka, monga za lukina, madzi otentha amapepukitsa ntchito. Wiritsani madzi, muwaphule, adikire pang'ono, kenako muthire panjerezo ndi kuzisiya momwemo kwa maola 12 mpaka 24. Kuziwiritsa pamoto n'kuziphika basi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona anthu akuchita zomwezi ndi njere za mbawa kapena nimu. Izi khungu lake ndi lofewa, vuto lake ndi lina: sizichedwa kufa. Za nimu zimayamba kutha mphamvu pakangopita milungu yochepa zitakololedwa. Zotere musazisunge, fesani zikadali zatsopano.

Pofesa, dothi lophimba lisapose kawiri kukula kwa njereyo. Dothi la m'chubu likhale losakaniza dothi lapamwamba, mchenga ndi manyowa owola bwino. Madzi akachuluka, mbande zimawola patsinde n'kugwa ngakhale dzulo lake zimaoneka zathanzi. Izi zimachitika chifukwa cha nkhungu zimene zimakonda chinyezi ndi mthunzi wambiri.

Ndiye pali mizu, imene ambiri saiganizira chifukwa saiona. Msangu umathamangitsa muzu wake waukulu pansi kumtunda kukadali masamba ochepa. Mukasiya chubu pamalo amodzi, muzuwo umaboola n'kulowa m'nthaka, ndipo tsiku lokawokera mumaudula mwankhanza. Nyamulani machubu pafupipafupi ndi kudula timizu totulukira kunsi tikadali tanthete. Mbande zokhalitsa pa nazale mizu yake imapiringizana m'chubu, ndipo mtengo wotere umakula mopinimbira.

Kukatsala mwezi umodzi kuti mukawokere, chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndipo muchepetse madzi. Mbande yaitali, yobiriwira, yofewa tsinde imakopa maso, koma ine ndimasankha yaifupi, yonenepa tsinde, imene yazolowera kale dzuwa.